Thanki Yosunga Madzi Mpaka M'chiuno

Ndinalowa m'mudzimo ndi ludzu, ndipo ndinapeza kuti nkhani yatentha kumeneko ndi ya madzi omwewo. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kwa ku Msanzala kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Lole ya chimanga inanditsitsa pa mphambano, ine n'kutsata kanjila kopita ku madimba, poti kumene kuli madimba sikusowa chitsime. Dzina la mudziwo sinditchula. Eni ake akali moyo, ndipo masiku ano aliyense ali ndi foni.

Kumtunda kwa madimbawo kunali thanki yatsopano ya njelwa, yozungulila ngati nkhokwe, yaitali kuposa munthu. Pansi ponse pozungulila panali matope. Ndinakwela makwelelo amene anawatsamilitsa pamenepo n'kusuzumila. Madzi analimo, koma analekeza m'chiuno mwa munthu, ali phee. Kuchoka pamenepo kukwela m'mwamba, pulasitala anali ndi timing'alu ngati chidendene cha mlimi.

"Imwani, amadala," anatelo munthu kumbuyo kwanga. "Koma mudziwiletu kuti akuti ndinawalodza ndine."

Anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wamfupi, mikono ngati ya wocheka matabwa. Anakhala pa beseni lovundikila, khasu lili pa miyendo. Kutsogolo kwake, kanjila kotsikila ku dambo kanali katatsekedwa ndi mulu wa nthambi za mthethe, zongodula kumene, masamba asanafote.

"Ndamwapo oipa kuposa amenewa," ndinatelo. Ndinamwa, n'kukhala pansi. Munthu wokwiya safuna kumufunsa kawili.

Dzina lake anali Anastazia Mbewe, woumba mbiya. Anachoka ku Katete zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo ndi mwamuna wake, kudzalima thonje. Mwamunayo anamwalila, thonje linatha naye, koma Anastazia sanabwelele kwawo chifukwa cha dongo. Kuseli kwa minga ija, m'mphepete mwa dambo, kunali mtapo, dzenje limene amakumbamo dongo loumbila. Ana ake atatu analeledwa ndi dzenje limenelo. Malo a dzenjelo anali a banja la Aaron Daka, wapampando wa komiti ya madimba, ndipo aDaka ndi amene anadula mingayo m'mawa womwewo.

"Akuti ndisapondekonso," anatelo. "Madzulo ano kuli msonkhano woti agamule zimenezo pamaso pa anthu. Agamule! Munthu wadula kale minga, ndiye akuti tikagamule."

Ndinafunsa kuti thanki ndi mbiya zikumana pati.

Anati bungwe lina linawapatsa pampu ya sola ndi matumba a simenti oti amangile thanki yothililila madimba. Matumbawo anali okwana thanki ya pa pepala. Koma aDaka atayang'ana pepalalo anati kathanki aka n'kosambitsila mwana, n'kulamula kuti akulitse. Njelwa zinalipo, mudzi uliwonse uumba njelwa. Simenti ndiyo inayamba kuchepa asanafike pa pulasitala wa m'kati, amene ndiye asunga madzi.

Mmisili wake anali Ivan Miti, mnyamata wa ku Nyimba amene anakwatila Vivian, mwana wa aDaka, chaka chatha, n'kudzakhala pa chikamwini. Ivan ameneyu tsiku lina anafika pakhomo pa Anastazia n'kupempha mapale.

"Ndinaseka," anatelo Anastazia. "Ndinati aMiti, mufuna kukazinga nsawa? Iwo akuti iyai, ndifuna onse amene ali kuseli kwa nyumba yanu. Mulu wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amadala, mbiya zonse zimene zinandiswekela pa moto. Akuti muwasinje akhale ufa, ndisakanize ndi simenti, mbale zitatu za simenti, imodzi ya mapale, thanki sidzadontha. Ndinati mwanayu wapenga, koma ali ndi ulemu. Ndinasinja. Onani."

Anatambasula manja. Zikhatho zinali ndi matuza ophulika, ena akali ofiila.

"Masabata atatu. Mtondo unang'ambika pakati. Kusefa ndi sefa ya ufa, kusefanso ndi nsalu, chifukwa akuti ukakhala wa mibulu sugwila ntchito. Ndinakhosomola zofiila mwezi wonse. Palibe anandipatsa ngakhale kapu ya munkhoyo. Ndinati si kanthu, madimba ndi athu tonse."

Ivan anayamba kumata kuchokela pansi. Atafika m'chiuno, ufa wa mapale unatha. Anastazia anati amupatse masabata awili, aumbe timibulu tafulati ngati zitumbuwa, tiume, atiwotche, asinje. Mawa lake kunabwela uthenga wa malilo a mkulu wake ku Katete. Anakhalako masiku asanu ndi atatu. Pobwela anapeza thanki yatha, pulasitala mpaka pamwamba. Atafunsa, anamuyankha kuti tinapeza njila. Anathilila khomalo masiku ake, n'kuyatsa pampu. Thanki inadzadza. Kutacha madzi anali m'chiuno. Anadzadzanso kawili, ndipo kawili konse madzi anatsika kufika pa mzele womwewo n'kuima.

"Manje aDaka akuti mapale anga ndiwo anaononga simenti ya bungwe. Ndipo wina wawonjezela mchele, akuti mapalewo ndinakatola ku manda." Apa anaimilila, khasu n'kugwa. "Ku manda! Ine! Theka la mbiya zimene zili pa manda a mudzi uno ndinawapatsa ndine, ulele, iwo akulila mamina ali chuu. Lelo ndikabe zanga zomwe?"

Ndinafunsa ngati adziwa njila imene anapezayo.

"Dzulo ndinapita ku mtapo, asanatseke. Ndinapeza mikwingwilima ya ngolo, ndi dzenje lokumba ndi piki, ngati akumba chimbudzi. Ine sindikumba chotelo. Anatenga dongo laliwisi. Ndidziwa, ndipo amuna asanu amene anakankha ngolo ija adziwa. Koma kamwa zawo anasoka ndi ulusi umodzi."

"Nanga mmisili?"

"Akamwini?" Analavula pambali. "Pitani mukawaone. Atsuka wilibala kuyambila m'mawa."

Ndinamupezadi kuseli kwa nyumba yake, akupala wilibala yoyela kale. Anali wamtali, woonda, wa zaka zosafika makumi atatu. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pa njelwa. Sindinazungulile. Ndinati ndine wapaulendo, mawa ndidzakhala ku Minga kapena kwina, zimene andiuze zipita ndi fumbi la nsapato zanga. Ndinangofuna kudziwa ngati mapale alimbitsadi simenti kapena ndi nkhambakamwa za ku sukulu.

Nkhope yake inasintha. Zimenezi ankazikonda.

"Anthu amati simenti imauma," anatelo. "Siuma, amadala. Imamwa madzi. Kambewu kalikonse ka simenti kakamwa madzi kamamela timizu tosaoneka ndi maso. Aphunzitsi athu ku sukulu ya ntchito zamanja anationetsa zithunzi zake, zojambula ndi makina okulitsa zinthu. Mungati ndi udzu wopotana. Timizu ta kambewu aka tikolana ndi ta kanzake, tigwila mchenga, ndiye kulimba kumeneko. Mukaimana madzi isanamalize, timizu tilekela panjila. N'chifukwa chake timathilila khoma ngati mbewu."

"Nanga mapale alowa pati?"

"Simenti pomela paja imasiya laimu wotsala. Laimu ameneyo ndi wofooka, ndipo pakati pa timizu pamatsala timipata. Madzi a m'thanki amadutsa mmenemo. Lomba dongo likapsa bwino pa moto limasintha mtima. Likasinjidwa limakhala ndi njala ya laimu uja. Limamudya pang'onopang'ono, masabata ndi masabata, n'kumela timizu tina totseka timipata tija. Masiku oyamba khoma lioneka ngati laulesi. Mukalipatsa mwezi, msomali upindika."

Ndinati nanga bwanji osasinja njelwa, poti nazonso ndi dongo lopsa, ndipo zinali mbwee.

"Njelwa za mu uvuni wa kumudzi sizipsa mofanana. Zina m'kati n'zaziwisi, zina zapselela mpaka kuchita ngati galasi, zafa, sizidyanso laimu. Moto wa amai Mbewe ndiwo uli pakati. Iwo sadziwa nambala ya kutentha kwake, koma amayang'ana mtundu wa mbiya n'kudziwa kuti basi, phulani. Ndinayesa kaye pa tizidutswa ndisanayambe. Palibe chinaposa mapale awo."

"Nanga dongo laliwisi?"

Anayang'ana wilibala yake.

"Laliwisi ndi mbala," anatelo motsitsa mawu. "Limaba madzi amene simenti ifuna. Matope aumila pa fosholo, ndiye muwonjezela madzi, muwonjezelanso. Limamata timbewu ta simenti ngati phala, timizu tilephela kugwilana. Ndipo limatupa. Pouma linyala, n'kusiya ming'alu ngati ya m'dambo mwezi uno, koma yopyapyala ngati tsitsi, njila zokhazokha m'kati monse. Laimu silimudya. Lingokhalamo, kudikila madzi."

"Zonsezi munazidziwa tsiku limene ngolo inafika?"

"Ndinazidziwa."

Nkhani yake inali yotele. Alendo a bungwe anatumiza uthenga kuti abwela kudzaona ntchito. ADaka sanafune kuwaonetsa thanki ya theka. Anati dongo ndi dongo, mtapo ndi womwewo, kuwotcha n'kutaya nkhuni chabe, ndipo laliwisi likauma lisinjika msanga kuposa mapale. Anatenga amuna asanu ndi ngolo. Ivan ataona anafuna kukana. Koma mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Akakumana nawo panjila amapatukila m'thengo. Sadya nawo mbale imodzi, sawatsutsa, ndipo mawu ake kwa iwo amadzela mwa mkazi wake.

"Ndinauza Vivian kuti, kauze atata kuti dongo losapsa lidzapha thanki. Iye anapita, anagwada, n'kunena kuti, atata, akuti mwina lopsa likanakhala bwinoko. Apongozi anati, koma wakana kuti ili siligwila? Vivian anati sanakane. Anabwela n'kundiuza kuti atata amva, akuti pitilizani."

"Inu n'kupitiliza."

"Ndinasakaniza ndi manja angawa. Ndipo simenti itachepelatu anati theka ndi theka. Ndinamata."

Ine ndakalamba, ndipo mtima wanga suchedwa kupsa. Ndayenda kuyambila ku Mwape mpaka kumalile, ndaona akamwini akulimila apongozi mpaka msana kupindika, ndaona ena akumanga nkhokwe zitatu asanaloledwe kumanga yawo. Sindinanyozepo mwambo umenewo, uli ndi ntchito yake. Koma apa panali mnyamata wodziwa za timizu tosaoneka ndi maso, wolephela kuona mayi wamkulu atakhala pa beseni kutsogolo kwa minga. Ndinamuuza zimenezo, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati ulemu wanu wadya madzi a mudzi wonse katatu, manje ufuna kudya ndi dzenje la mayi wamasiye.

"Mukamba bwino chifukwa mawa mudzapita," anatelo. "Ine nyumba iyi ili pa malo awo. Munda ndi wawo. Mkazi ndi wawo."

Zinali zoona, ndipo zinangondikwiyitsa kwambili.

Msonkhano unachitika dzuwa litapendeka, pa mthunzi wa mtengo wa muwawa pafupi ndi thanki. Amayi anabwela ambili, nkhope zili gwa. Anali atawokela kale lepu ndi matimati podalila thankiyo, ndipo mbewu zinali kugona. ADaka anakhala pa mpando wokhawo wa pulasitiki. Anali munthu wamkulu thupi, wa jekete ngakhale kunja kukuotcha, wa mawu okoma ngati wolengeza pa wailesi. Ivan anakhala kutali, chammbali, mutu uli pansi, Vivian ali pambali pake.

ADaka analankhula nthawi yaitali. Anati simenti ndi chinthu cha ku fakitale, chopimidwa ndi anthu ophunzila, ndipo makolo athu sanaisakanizepo ndi zinyalala za kuseli kwa nyumba. Anati iwo analola chifukwa cha mtima wabwino. Anati za manda sakamba, poti alibe umboni, koma anazikamba katatu. Pomaliza anati mlendo ukamupatsa mkeka amafuna ndi bedi, ndipo komiti yaona kuti mtapo utsekedwe.

"Komiti yake iti?" anafunsa Anastazia. Anali atafika mochedwa, hamala ili m'manja. "Jekete lanulo?"

Amayi ena anaseka, n'kudzigwila pakamwa.

"Amai Mbewe, pano si pa mowa."

"Pakanakhala pa mowa bwenzi wina atalankhula zoona. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, aDaka. Mumamwa madzi a mu mtsuko wanga. Mwana wanu uyo anasambitsidwa mu mbiya yanga. Lelo ndine mlendo wa pa mkeka?"

Sanadikile yankho. Anapita pa makwelelo, anamanga chitenje mokwinya, n'kukwela. ADaka anakuwa kuti asakhudze katundu wa bungwe. Mayi wina kumbuyo anati, "Asiyeni! Katundu wake uti, sefa imeneyo?" Anthu anaimilila. Tinamva Anastazia akugwela m'madzi kuti khuvuu, kenaka hamala. Kumtunda inangogunda kamodzi, mawu ake ngati wamenya dzungu. Kenaka inayamba kulila pansi pa mzele wa madzi, ngo, ngo, ngo, nthawi yaitali, iye akutukwana m'Chichewa cha ku Katete. Anatuluka ali chonyowa mpaka m'mapewa, chala chikutuluka magazi. M'dzanja lina anali ndi chibenthu chachikulu ngati chikhatho, m'dzanja lina kachidutswa kochepa ngati njele ziwili za nsawa.

Anayang'ana anthu onse, n'kuima pa ine.

"Inu amadala. Mulibe mlongo pano, mulibe munda, simufuna mwana wa munthu. Gwilani. Munene zimene muona."

Anandipatsa zonse ziwili, wina n'kubweletsa kapu ya madzi. Ndinadonthezela pa kachidutswa ka pansi. Dontho linakhala pamenepo, likunyezimila, osalowa. Kanali kofiilila, kosalala potyoka pake ngati mwala wa mumtsinje. Ndinakaluma ndi mano anga atatu otsalawa, sikanamve. Ndinadonthezela pa chibenthu cha kumtunda. Chinamwa ngati mkate. Ndinachiviika mu kapu, chinatulutsa thovu, madzi n'kuchita mbuu. Nditachityola ndi zala, m'kati munali timibulu totuwa. Ndinatikita kamodzi ndi chala chonyowa, kanasanduka matope, n'kundimata.

Ndinakweza chalacho kuti onse aone. "Ili ndi dongo," ndinatelo. "Moto silinauonepo."

"Mbiya yosapsa ikaona madzi imakumbuka kwawo," anatelo Anastazia. "Mwana aliyense wa woumba adziwa zimenezo."

Ndinaganiza kuti nkhani yathela pamenepo. Ndinali ndisanawadziwe aDaka. Anagwedeza mutu mwachisoni, ngati munthu amene wamva za imfa.

"Ndiye mwamva nokha," anatelo. "Amayiwa anatopa kusinja, anatopa kuwotcha. Matumba oyamba anatipatsa opsa. Otsilizawo anatipatsa osapsa, n'kuthawila ku malilo. Ife tikanadziwa bwanji? Ufa ndi ufa."

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikuchita zimene inachita ya Anastazia. Kumunena za manda kunamupweteka, koma uku kunali kumuvula. Anayang'ana amuna asanu aja mmodzimmodzi. Wina anali kumanga chingwe cha nsapato yopanda chingwe. Wina anapeza chinthu chofunika kwambili mu foni.

Ndipamene Ivan anaimilila. Vivian anamukoka malaya, iye anachotsa dzanjalo. Sanayang'ane apongozi ake. Anayenda mpaka pa thanki, n'kuwafulatila, n'kuika chikhatho pa khoma. Analankhula ndi khomalo, mokweza.

"Iwe thanki," anatelo, "ndinakumanga ndine, sungandinamize, inenso sindingakunamize. Kuyambila pansi mpaka apa unadya mapale a amai Mbewe, matumba asanu ndi limodzi, onse opsa, ndinawayesa ndekha. Kuyambila apa kupita m'mwamba unadya dongo laliwisi. Linabwela pa ngolo Lachiwili, amai Mbewe ali ku Katete. Linayanikidwa pa tenti kuseli kwa khola, linasinjidwa Lachinayi. Amene analamula uwadziwa. Ine ndinatuma mawu oti likupha, mawuwo anafika ataonda. Ndinakumata ndikudziwa."

Mbuzi inalila kwinakwake. Vivian anaphimba nkhope ndi chitenje.

ADaka sanayang'ane Ivan. Anatembenukila kwa mwana wawo.

"Vivian. Funsa mwamuna wako kuti mmisili pano ndani. Umufunse kuti pepala la sukulu lili m'nyumba mwa yani. Ine ndine mlimi, ndinangothandiza. Umufunsenso ngati kwawo ku Nyimba amaphunzitsa ana kulankhula ndi makoma akulu ali pansi."

"Atata," anatelo Vivian ali m'chitenje momwemo, "mawu aja ndinawachepetsa ndine. Ndinaopa."

"Sindinakufunse zimenezo."

Apa panaimilila mkulu wina wa mpingo, aFebian Njobvu, munthu wofatsa, wa imvi, wa mtundu uja umene sufuna kuona anthu akukangana ngakhale nyumba ikupsa. Anati abale, zamveka. Anati aliyense anafuna zabwino, Satana ndiye analowa pakati. Palibe wolakwa, palibe wolipa. Za manda zife, asazitchulenso munthu. Thanki tidzaiona. Ndipo kuti mitima izizile, ndi kuti bambo wapampando asachoke pano ngati mwana wokalipilidwa, mtapo ubakhala wotseka mpaka mvula itatha, kenaka tidzakhalanso pansi.

Anthu anayamba kuvomela. Ndinamva "eya, eya," ndinaona amuna asanu aja akupuma bwino, ena akutenga kale njinga. Chimene chimandinyansa m'misonkhano ya mtundu uwu n'chimenechi. Choonadi chikatuluka, onse amathamangila kufunditsa wamkulu amene chamuvula, wovulalayo n'kumusiya pa dzuwa.

"Mpaka mvula itatha," anatelo Anastazia. Anayamba motsitsa. "Inu aNjobvu, munaumbapo mbiya? Mvula ikagwa mtapo umamila. Madzi amaphwa mu Juni. Dongo la chaka chonse ndimakumba mwezi uno, masabata atatu atsalawa, ndisunge m'nyumba. Mukati mvula ithe, mukuti ndidye chiyani mpaka Juni? Mtima wa aDaka ukazizila ndiuphike?"

"Amai, kuleza mtima..."

"Ndaleza masabata atatu pa mtondo! Anandinena kuti ndine mfiti, mwamva. Anandinena kuti ndine wakuba za ku manda, mwamva. Anandinena kuti sindidziwa kuwotcha, mwamva. Mwana wa eni wachita kulankhula ndi khoma kuti mumve zoona, mwamvanso. Ndiye wolangidwa akhale ine, kuti jekete lisachite makwinya? Palibe ngakhale mmodzi wa inu wanena kuti pepani. Sindikufunanso. Sungani, mudzapepese nako ng'ombe zanu."

Anataya hamala pansi. Anapita pamene anasiya khasu ndi beseni, anazitola, n'kulunjika pa minga. Panali pafupi, tonse tinkaona. Anakola nthambi yoyamba ndi khasu, n'kuikokela pambali. Yachiwili inakana, anaigwila ndi manja. Mthethe suseka ndi munthu. Ndinaona magazi akutsika m'mikono, iye osaima.

ADaka anaimilila, mpando n'kugwa chagada.

"Amai Mbewe! Malo amenewo ali ndi eni ake! Mukangodutsa pamenepo..."

Anatembenuka, nthambi ili m'manja.

"Bwelani mudzandichotse. Koma mubwele nokha, ndi miyendo yanu. Musatume mwana wanu, musatume ngolo, musatume komiti. Bwelani mundiyang'ane kumaso, munene kuti mapale anga anali osapsa."

ADaka anayang'ana amuna asanu aja. Palibe anasuntha. Anayang'ana aNjobvu, amene anali kupukuta magalasi. Anayang'ana amayi, ndipo amayiwo anawayang'ananso, osaphethila, manja ali m'chiuno. Kenaka aDaka anadzutsa mpando wawo, anaupukuta fumbi ndi dzanja, n'kukhala.

Anastazia anatsikila ku dambo. Posakhalitsa tinamva khasu. Palibe anachoka. Khasulo linalila mwina theka la ola.

Anatulukila beseni lili pamutu, lodzadza mpaka kusefukila, khosi litalowa m'mapewa chifukwa cha kulemela. Njila yopita kwake inalambalala mtengo wa msonkhano, koma iye sanalambalale. Anadutsa pakati penipeni, anthu akufutula miyendo, madzi a dongo akudonthela pa mikeka. Atafika pamene panakhala Ivan anaima, osatembenuza mutu chifukwa cha katundu.

"AMiti, pulasitala wovundayo mukagwetse. Mukafuna mapale, masabata awili, monga ndinanenela poyamba. Koma mudzabwele kudzapempha ndi pakamwa panu."

Anakatula dongolo kwake, n'kubwelanso ndi beseni lopanda kanthu. Pamene ine ndinkanyamula chola changa kuti ndione njila ya ku Minga, anali akutsika ulendo wachitatu.